Adiresi Imene NyaLongwe Sanaikwirire

Pa maliro a azakhali anga NyaLongwe, abusa anati tataya mayi wa mtendere. Amayi a umanyano, bungwe lija la amayi a mpingo, anavomera pamodzi, ena mpaka kupukuta misozi ndi nsonga za mipango. Ine ndinazolika mutu, anthu n'kumayesa ndikulira, chonsecho ndinkalimbana ndi phwete. Loweruka lapitali tavundukula chiliza chawo poti chaka chakwana, ndipo bodza lomwe lija labwereranso, ulendo uno atalilemba pa simenti. Ndiye ndati ndilembeko zanga, ine Esitere, mwana wa mlongo wawo, amene ndinawasamala m'masiku awo omaliza.

Azakhali sanali a mtendere ayi. Chakukhosi ankachisunga ngati mbewu ya chinangwa, pamthunzi, kudikira mvula. Ine sindiwadzudzula. Pali anthu pa Chintheche pano oyenera kuwasungira chakukhosi, ndipo mmodzi mwa iwo anakhala pa benchi ya kutsogolo pa maliro paja, atavala suti yakuda. Ameneyo ndi mlamu wawo, Ada Mphande.

Azakhali anakhala zaka zambiri ku Bulawayo, komwe ankatayipa makalata mu ofesi ina. Amuna awo atamwalira anabwerera kumudzi, matipate atangoyamba kumene, ali ndi masutikesi, makina osokera ndi mwana mmodzi yekha, Yotamu. Anthu a kumwera amatiseka ife Atonga kuti timavala suti ngakhale popalasa bwato. Akanawaona azakhali akupita kukavuula chinangwa atavala chipewa cha maluwa, akanati sanatinamizire. Potukwana ankalankhula Chitonga, polamula Chizungu, ndipo Chichewa ankachisungira amalonda ndi apolisi. Mbale zawo sankabwereketsa. Munthu akawapatsa moni ali chikhalire, ankangomuyang'ana mpaka adzuke.

Amene anayendako pa msika wa Chintheche zaka zimenezo akukumbukira mmene ankamupatsira moni mlamu wawoyo. Ada Mphande ndi mng'ono wa malemu amuna awo, ndipo nthawi imeneyo anali mkulu wa mpingo cha ku Bandawe, munthu woyenda ndi ambulera ngakhale kumwamba kuli mbee. Azakhali ankadikira kuti afike pakati penipeni pa msika, pamene amayi amayala usipa ndi tomato, kenako n'kukweza mawu.

"Alamu! Mwe uli, alamu? Uthenga wanu wabwera."

"Ama, tikambirana kunyumba."

"Kunyumba kuli chiyani? Ndi azungu aja a mankhwala a mphamvu za kuchipinda. Akuti atsitsa mtengo. Ndiwayankhe kuti atumize mabotolo angati?"

Msika wonse kufa nako kuseka. Sabata inayo ankawauza kuti mkazi wamasiye wa mfumu ina ya kunja akufuna kuwasungitsa golide, n'kufunsa ngati akazi awo akudziwa za ubwenzi umenewu. Anawauzapo pakhomo la tchalitchi, pa sitolo, m'minibasi yopita ku Nkhata Bay, ngakhale pa maliro a anthu ena. Ndipo sananamepo ngakhale kamodzi. Mauthenga onsewo ankabweradi, ali ndi dzina la Ada Mphande pamwamba, koma ankagwera m'bokosi la imelo la azakhali.

Za imelozi zinafika pa Chintheche kudzera kwa Che Amidu, Msilamu wa ku Nkhotakota amene ankagula usipa wouma kuno n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Anaika makompyuta awiri kuseri kwa sitolo yake, pakati pa matumba a nsomba, moti munthu ankatuluka m'menemo akununkha ngati wachokera ku thandala loyanikapo usipa. Anthu onse anatsegula adiresi imodzi imodzi n'kumaimwaza paliponse. Mzungu aliyense wogona pa loji ku Kande kapena ku Makuzi ankabwerera kwawo ali ndi matumba odzaza timapepala ta maadiresi athu. Posakhalitsa mabokosi a anthu anadzaza ndi zinyalala: otsatsa malonda, akuba odzitcha maloya, mipikisano imene munthu wapambana asanalowe nawo.

Azakhali anatsegula maadiresi anayi. Ankawatcha makomo, ndipo ankakonda kunena kuti nyumba ya khomo limodzi mlendo ndi mbuzi amalowera pamodzi. Khomo loyamba linali la mpingo ndi achibale. Lachiwiri linali la azungu a m'maloji amene ankawagula mphasa ndi madengu. Lachitatu ankalitcha la kudzala, ndipo ankalipereka kwa a mabungwe obwera ndi mapepala olembapo mayina pa misonkhano, kwa andale, kwa mipikisano, ndi kwa aliyense amene nkhope yake sinawasangalatse. Bokosi limenelo sankaliwerenga n'komwe. Likanunkha kwambiri ankalitaya n'kutsegula lina.

Nkhani ya dzalayi itadziwika, Chintheche inasowa mtendere. Munthu akapatsidwa adiresi ndi NyaLongwe ankathamangira kwa Che Amidu kukafunsa monong'ona kuti imeneyi ndi iti. Che Amidu ankangoseka n'kumapitiriza kuyeza usipa. Abusa ena atsopano anakhala pa dzala kwa nthawi ndithu, mpaka azakhali atakhutira ndi ulaliki wawo. Mpaka lero mtsikana akamupatsa mnyamata nambala yabodza, anzake amati wamupatsa ya kudzala, ndipo ambiri onena zimenezi sadziwa n'komwe kumene mawuwo anachokera.

Nzeru yawo inali yakuti khomo likayamba kulowa zinyalala, ankadziwa gulu limene laulula. La mpingo litaipa, anafufuza mpaka anapeza mayi wina wa kwaya amene anatumiza pemphero lija loti ulitumize kwa anthu ambiri apo ayi ukumana ndi tsoka, maadiresi a onse ali poyera. Azakhali sanakangane naye. Anangotseka adiresiyo, n'kutsegula ina, n'kupatsa aliyense kupatula iye. Kuchita kumeneku ankakutcha kukwirira. Wokwiriridwa sankauzidwa ndi munthu. Ankangoona kalata yake yabwerera, ili ndi Chizungu cha makina chonena kuti sinafike, ndipo ankadziwa kuti kwa NyaLongwe wafa. Yotamu ankaiseka kwambiri nkhani imeneyi. Ankati amayi ake ali ndi manda awoawo m'kompyuta.

Khomo lachinayi linali la Yotamuyo. Anawatsegulira yekha asananyamuke kupita ku Joni kukafuna ntchito, ndipo anawauza kuti limeneli ndi la anthu awiri basi. Mnyamatayo anadutsa Joni n'kukafika ku Kepi, komwe ankagwira maganyu a m'minda ya mphesa ndi a zomangamanga. Foni yokhalitsa analibe, keyala ya positi analibe, koma akapeza kompyuta ankalemba. Lachisanu lililonse azakhali ankavala chipewa n'kupita kwa Che Amidu. Bokosi limenelo linali loyera, mopanda ndi kachitsotso komwe. Akatsegula n'kupeza nambala wani yakuda, ankadziwa asanawerenge kuti ndi mwana wawo, ndipo tsiku limenelo ngakhale ana oba mango ankawasiya.

Kenako anamva pa msika, kwa anthu wamba, kuti Yotamu wakwatira ku Kepi osauza munthu. Chimene chinawapweteka si ukwatiwo ayi, koma kuumva kwa mayi wogulitsa mafuta. Anamulembera kalata ya moto. Ndikudziwa zimene analemba chifukwa anandiuza okha, monyada: anamuuza kuti akapanda kufotokoza bwino, amukwirira ngati ena aja. Yotamu anatengera mtima wa amayi ake. Anangoti zii, miyezi n'kumapita. Azakhali ankati musiyeni afufume, akaphwa alemba, ndipo Lachisanu sankaphonya.

Nthawi yomweyo maso awo anachita ng'ala. Madokotala anati akachitidwe opaleshoni ku Mzuzu, diso limodzi kaye kenako linalo, ndipo anayenera kukhala kumeneko dzinja lonse. Masiku amenewo mabokosi aulere anali ang'onoang'ono, ndipo bokosi likakhala nthawi osatsegulidwa eni makina ankalitseka. Pankafunika munthu woti azilitsegula. Che Amidu anadzipereka, ndipo azakhali anali atavomera. Koma Ada Mphande atamva anabwera ndi ambulera yawo n'kukhala pakhonde.

"Alamu, mwanayu ndi wa kwa Mphande. Nkhani zake zikhale m'manja mwa munthu wa sitolo, ine bambo wake wamng'ono ndilipo? Anthu adzati chiyani?"

Achibale ena anavomereza kuti mawuwo ndi oona. Azakhali anali ataopa kale mpeni wa dokotala, mphamvu zokangana analibe. Anawanong'oneza adiresi ndi mawu ake achinsinsi, n'kuwauza zinthu ziwiri zokha: azitsegula Lachisanu lililonse, ndipo asauze munthu. Paja akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ada Mphande anali ndi ntchito yaikulu m'mutu mwawo, yofolera ndi malata kanyumba kopemphereramo ka m'mudzi mwawo. Mtsikana wina wachizungu wogona ku Kande anawalonjeza kuti awapangira tsamba pa intaneti lopemphera thandizo, ndipo anafunsa adiresi yoti anthu akufuna kwabwino azilemberako. Yawo inali itawola kalekale, chifukwa ankaipereka kwa aliyense wa khungu loyera, ngakhale wongofunsa njira. Ndiye anakumbukira bokosi loyera lija. Analemba dzina lawo, udindo wawo, ndi adiresi ya khomo lachinayi lija pansi pake, pa tsamba loti dziko lonse lione. Ena amati sanadziwe chimene akuchita. Ine ndimati anadziwa chimodzi, choti anauzidwa kuti asauze munthu.

Zinyalala zinayamba kulowa ngati madzi m'bwato lobooka. Ada Mphande ankatsegula n'kumangosaka makalata a opereka thandizo, osafufuta kanthu. Zitawachulukira anatopa nazo, n'kumangotsegula ndi kutseka kuti akwaniritse lonjezo. Bokosi linadzaza mpaka pakamwa, ndipo bokosi lodzaza limabweza kalata iliyonse yatsopano kwa mwini wake.

Azakhali anabwerera mvula itatha, akuona bwino kuposa kale. Asanamasule n'komwe katundu anapita kwa Che Amidu, ine ndikuwaperekeza. Anatsegula bokosilo. Ndinaona chala chawo chikutsika pa galasi, mzere ndi mzere, dzina la Ada Mphande likubwerezabwereza. Anafunsa Che Amidu kuti mzere wofiira uli pamwambawo ukutanthauza chiyani, ngakhale Chizungu ankachidziwa kuposa iye. Che Amidu anawauza. Anafunsanso kuti ladzaza liti, ndipo poona tsiku la kalata yomaliza kulowa, zinapezeka kuti panali patapita miyezi. Tsiku limenelo sanatukwane. Anafufuta zinyalala zonse, chimodzi chimodzi, akuwerenga mutu uliwonse, ndipo dzina la Yotamu silinapezekemo.

Chimene chinawathyola msana chinabwera pa Khirisimasi, matchona akamabwera kudzaona kwawo. Bambo wina wa ku Bandawe amene ankakhala dera limodzi ndi Yotamu ku Kepi anabwera kudzawaona, akuchita manyazi ngati wabwera kudzapempha. Anati Yotamu anadwala chifuwa, mkazi uja anamuthawa, ndipo anapita kukawalembera amayi ake. Kalata inabwerera. Analembanso, n'kubwereranso. Bamboyo anati anamulangiza kuti ayese kulembera achibale ena, koma Yotamu anapukusa mutu.

"Anati chiyani?" anafunsa azakhali.

"Anati, 'Simuwadziwa ama. Andikwirira.'"

Atatero Yotamu anasamuka pamalopo, ndipo palibe anamuonanso. Azakhali anathokoza mlendoyo, anamupatsa tiyi, anamuperekeza mpaka pa msewu. Pobwerera anakhala pansi pa dothi ndi diresi yawo ya Khirisimasi. Ine ndinali ndisanawaonepo atakhala pa dothi.

Pali ena amene amanong'ona kuti mlandu unali wa azakhali omwe, poti ndiwo anaphunzitsa Chintheche yonse kuti kalata yobwerera ndi manda, ndiwonso anamuopseza mwanayo. Mwina iwonso ankaziganiza akakhala okha. Koma mayi ndi mwana amakangana n'kugwirizananso, bola khomo likhale lotsegula, ndipo iwo analisiya lotsegula. Analitseka ndi munthu wina chifukwa cha malata.

Analembera Yotamu kambirimbiri, koma adiresi yake nayo inali itafa. Chiyembekezo chinatsala chimodzi, choti tsiku lina adzayesanso khomo lakale lija. Ndiye munthu amene ankakwirira adiresi chifukwa cha kachinyalala kamodzi anakakamizika kusunga yowola kuposa zonse. Tsamba la denga lija linachotsedwa, koma adiresi ikalowa m'manja mwa anthu a zinyalala amagulitsana ngati kaunjika. Lachisanu lililonse azakhali ankakhala pakati pa matumba a usipa, ndi maso awo osokedwa aja, kuwerenga zonyansa za dziko lonse kuti mwina pakati pake pali mwana wawo. Makina atayamba kusankha okha zinyalala n'kuziika padera, iwo sanawakhulupirire. Ankati Yotamu akalemba ndi adiresi yatsopano makinawo amutaya, ndiye ankawerenganso mulu wa paderawo. Akamaliza ankasankhapo uthenga umodzi wokoma, n'kutuluka kukasaka mlamu wawo.

Makalata enieni a opereka thandizo analipo angapo. Azakhali sanawabise, koma anawapereka kwa amayi a umanyano, ndipo ndi amayiwo amene anamaliza ntchitoyo. Pa tsiku lotsegulira kanyumbako anatchulidwa mayina ambiri, la Ada Mphande osamveka. Pa chisankho chotsatira anthu sanawasankhenso ukulu wa mpingo. Zinali zovuta kulandira mgonero m'manja mwa munthu amene ana a sukulu akumutcha Ada Mabotolo.

Kupepesa Ada Mphande anayesa. Anatuma akuluakulu, azakhali n'kuwapatsa tiyi n'kuwafunsa za mvula. Anabwera okha ndi tambala woyera, azakhali n'kulandira tambalayo, kumumasula miyendo, n'kumuponya kuseri kwa mpanda. Tsiku lina Ada Mphande anapsa mtima pamaso pa anthu.

"Ama, kodi ndinapha munthu ine? Si adiresi chabe? Zilembo!"

"Yewo, alamu," anayankha azakhali. "Poti ndi zilembo chabe, ndipitiriza kukuwerengerani."

Anapitirizadi, zaka ndi zaka, mpaka mafoni a magalasi aakulu anabwera ndipo Che Amidu anagulitsa makompyuta ake. Ndinawagulira foni, ndipo Lachisanu ankakhala nayo pakhomo pawo. Anthu ankati nkhalambayi ili ndi chikhulupiriro cholimba. Inenso ndinkatero.

Matenda awo omaliza anali a mtima, miyendo n'kutupa. Tsiku lina masana ndikuwadzoza mafuta kumapazi, anandiuza kuti nditseke chitseko.

"Esitere, Yotamu kulibe. Anapita kalekale."

Ndinayesa kuti mutu wayamba kusokonekera, koma anafotokoza bwinobwino. Che Amidu anali ndi mphwake ku Kepi, mmodzi wa Amalawi amene amathandiza kuika anzawo omwalira kumeneko. Atafunsafunsa kwa nthawi yaitali anapeza kuti Yotamu anamwalira m'chipatala chaka chomwe chija makalata anabwerera, ndipo anaikidwa ndi boma, popanda wachibale. Che Amidu anawauza azakhali kuseri kwa sitolo, atangotsala pang'ono kubwerera kwawo ku Nkhotakota. Iwo anamulumbiritsa kuti asauze munthu. Zaka zingapo zinali zitapita chimvereni zimenezi.

Ndinalira, kenako ndinakwiya. Ndinawafunsa kuti bwanji sanatiuze kuti tilire maliro monga mwa mwambo.

"Pa maliro ake akhale pa mpando ndani?" anandifunsa. "Bambo wamng'ono. Chipepeso alandire ndani? Alankhule ndani m'malo mwa banja, atagwira chipewa pamtima? Ameneyo salira mwana wanga. Ndalira ndekha, zakwana."

Ndiye anandiuza chinthu china, akumwetulira koyamba pa masabata ambiri. Chimvereni za imfayo, khomo lachinayi analisandutsa dzala. Mpikisano uliwonse wa pa intaneti, tsamba lililonse lofunsa adiresi, pepala lililonse la bungwe lobwera pa msonkhano, ankalembapo adiresi ya khomolo ndi dzina la Ada Mphande. Munthu amene anaphunzitsa Chintheche kusunga makomo ankadziwanso bwino kowasiya pululu. Ndinawafunsa kuti cholinga chake n'chiyani, poti owerenga zinyalalazo ndi iwo omwe. Anangoti ndidikire Lamulungu.

Lamulungu limenelo, mapemphero atatha, anaitanitsa abusa, amayi a umanyano ndi Ada Mphande. Mbiri inawanda kuti NyaLongwe akufuna kukhululuka asanapite. Anthu anadzaza chipinda mpaka pawindo. Ada Mphande analowa atawerama, tsitsi lonse mbuu, ambulera ataisiya panja. Azakhali anandiuza kuti ndiwatsamiritse pa mapilo, ndipo analankhula ndi mawu ofewa amene sindinawamvepo.

"Alamu, ine ulendo wafika. Mwana uja angadzalembe ine kulibe, n'kupezanso khomo lotseka. Bambo wake wotsala ndinu. Paja munanena nokha kuti ndi wa kwa Mphande."

Anatulutsa foni pansi pa pilo n'kuwapatsa m'manja. Ada Mphande anagwada pa simenti, misozi chuchuchu. Azakhali anawauza zoyenera kuchita, pang'onopang'ono, abusa akumva. Lachisanu lililonse. Uthenga uliwonse auwerenge asanaufufute, ndi wa mulu wa padera womwe. Asatume mdzukulu. Ndipo azichitira pakhomo pano, kuti mwana akalemba uthenga ufikire kwa amayi ake.

"Ndalumbira pamaso pa Chiuta, alamu," anatero Ada Mphande. "Mpaka alembe."

"Mpaka alembe," anavomera azakhali, n'kutseka maso ngati atopa.

Amayi anayamba nyimbo. Abusa anatuluka akupukuta magalasi, ndipo sabata yotsatira analalikira za kukhululuka. Ine ndinali kumutu kwa bedi, ndipo dzanja la azakhali linali litanditsina pamkono. Anamwalira patapita masiku ochepa, m'mawa, atamwa tiyi wawo.

Ndikudziwa kuti wina awerenga izi n'kugwidwa chifundo. Njira ya ku Bandawe akuidziwa, apite akawauze Ada Mphande kuti Yotamu kulibe, n'kuwauzanso mmene mwana wa mkulu wawo anafera akuyesa kuti amayi ake amutaya. Ine pakamwa panga sizituluka. Choipa chitsata mwini.

Nyumba ya azakhali ndi yotseka tsopano. Palibe wachibale walowamo kukhala, poti mwambo ukuti nyumbayo ndi ya Yotamu, ndipo amene amalimbikira kwambiri zimenezi ndi Ada Mphande. Makatani anapsa ndi dzuwa, mavu amanga pa felemu la chitseko, ndipo udzu watseka kanjira kopita kuchitsime. Mbuzi za anthu zimagona pakhonde pamene kale ngakhale nkhuku inkaopa kuponda. Ndimapitako kukasesa ndikapeza mpata, ndipo nthawi zambiri mpatawo ndimaupeza Lachisanu.

Ada Mphande ndimawapeza atafika kale. Pakhonde sakhalapo. Kuseri kwa nyumba kuli chulu chimene netiweki imagwira bwino, ndipo amakhala pamenepo pa kathumba, dzuwa likuwawotcha pa dazi. Foni amaigwira patali ndi nkhope, milomo ikuyenda, chala chikuloza uthenga uliwonse. Pena amaima nthawi yaitali pa dzina loyamba ndi chilembo cha mwana uja, kenako n'kupuma mozama n'kufufuta. Mawondo awo sakufunanso chulu, moti potsika amachita kukwawa chafutambuyo.

Lachisanu lathali anandipeza ndikusesa masamba a mango pabwalo. Anaima patali pang'ono, akusisita maso ofiira.

"Lero palibe, mwana wanga. Koma zachuluka, zikungochulukirachulukira. Mwina sabata ya mawa."

"Mwina, Ada," ndinayankha, n'kupitiriza kusesa.